Chokungira Chachitatu

Gitala yamagetsi inagona chagada pathebulo lodyera, pansi pake atayala thaulo. Nsambo zonse zinali zitachotsedwa. Mwini wake, namwino wa kuwodi ya ana, anaima pambali atapinda manja, akuyang'ana mwamuna wake momwe amayang'anira dokotala wongoyamba kumene ntchito.

Vuto linali zokungira nsambo, zitsulo zing'onozing'ono za kumutu kwa gitala zija. Mano ake anali ataperepeseka. Makamaka chachitatu chinkabwerera chokha, moti kwa zaka zambiri mayiyu akafika pakati pa nyimbo, dzanja lamanzere linkalumphira kumutu, n'kupotokola pang'ono, n'kubwerera. Loweruka likudzalo gulu lawo la kuntchito linkakaimba potsanzikana ndi mnzawo wopuma pantchito, ndipo iye sanafune kukachita manyazi. N'chifukwa chake anagula zatsopano.

Zakalezo zinatuluka mosavuta. Koma mwamunayo, kalipentala wa zitseko ndi mafelemu, atayesa kulowetsa chatsopano, chinakana. Bowo linachepa pang'ono.

"Musadandaule, mayi," anatero, akutulutsa dirilu m'bokosi la zida.

"Chimenecho mukupita nacho kuti, bambo?"

"Kungokuza bowo basi. Kanthawi kochepa."

"Ichi si chitseko cha kubafa."

"Nanga si thabwa lomweli?"

"Pa kabati yathu ija munateronso. Lero tikutchinga ndi nsalu."

Kalipentala anaseka, komabe ananyamula gitalayo n'kukaiyang'ana pawindo. Mabowo anali ondondozana, thabwa la pakati pake lopyapyala. Dirilu ikanangoluma molakwika, mng'alu ukanayenda kuyambira bowo loyamba mpaka lomaliza, ndipo Loweruka mkazi wake akanapita chimanjamanja. Anabweza dirilu ija m'bokosi. Anang'amba kachidutswa ka sandipepa, n'kukakulunga pa pensulo yomwe inali kukhutu kwake.

Ntchitoyo inadya masana onse. Iye ankazunguliza pensulo m'bowo, n'kuuzira fumbi, n'kuyesa chitsulo, n'kuyambiranso. Mkazi wake anagwira khosi la gitala ndi manja awiri kuti lisagwedezeke.

"Mwaligwira ngati mwana wokana jakisoni."

"Ana aja amandimvera. Inu ndi amene mumavuta."

Timabowo takale ta masikuluwu sitinagwirizane ndi zitsulo zatsopanozo. Kalipentala anatitseka ndi timitengo ta machesi toviika m'guluu, n'kuboola tina ndi kamsomali, pamanja. Pomanga, anasiya sikuluwu iliyonse itangogwira, ngakhale dzanja lake lozolowera mahinjesi linkafuna kupitiriza.

Dzuwa litapendeka, namwino anaika nsambo, n'kuzikunga imodziimodzi, makutu ali tcheru. Analumikiza gitala ku kasipika kake n'kuyamba nyimbo yomwe ankakonzekera. Mawu anatuluka oyera. Mwamuna wake anakhala pampando, fumbi la thabwa likadali m'mikono.

Pakati pa nyimbo, dzanja lamanzere linalumphira kumutu n'kupotokola. Nsambo yachitatu inalira mokwera, mosokosera. Mayiyo anaima.

"Chabwereranso?" Kalipentala anali atadzuka kale, nkhope itagwa.

Mkazi wake anayang'ana chitsulocho, kenako dzanja lake.

"Ayi. Chinali bwinobwino. Ndachipotokola ndekha."

"Basi dzanjalonso tilisinthe. Dirilu ilipo."

"Khalani pansi, inu!"

Mayiyo anaseka mpaka kupukuta misozi. Atachuna nsambo ija, anayambiranso nyimbo. Pofika pamalo omwe aja dzanja linanyamukanso, linafika m'mwamba, n'kuima ngati munthu amene waiwala chomwe walowera m'chipinda. Kenako linabwerera pakhosi la gitala. Nsambo yachitatu sinasunthe mpaka nyimbo inatha.

Kalipentala anatenga kansalu n'kuyamba kupukuta fumbi pathebulo. Zokungira zakale zija anazisonkhanitsa kuti akataye, koma mkazi wake, yemwe anali atayambanso kuimba, anamukodola ndi chibwano.

"Chachitatucho ndisiyireni."