Masiku Makumi Anayi a Abu Ghaleb

"Mtengo uliwonse pa yunivesite ino umamwera m'manja mwanga. Ndikangochoka sabata imodzi, ana anu azilemba mayeso m'chipululu."

A Abu Ghaleb, wosamalira maluwa ndi mitengo ya pasukulupo, ankanena zimenezi m'mawa uliwonse pa kantini ya Hamdan, tiyi ali m'manja.

"Zoona, amalume," ankatero Hamdan, maso ali pa mafuta amene ankakazingira falafeli, tizitumbuwa ta nyemba. "Ngakhale mvula imayamba yakupemphani chilolezo."

Zaka makumi awiri ndi ziwiri mkuluyu anakhala akukoka paipi. M'tauni ya Irbid madzi amabwera kamodzi pa sabata, anthu n'kumawasunga m'matanki a padenga ngati mankhwala a maso, koma iwo ankathirira mpaka nsapato kutitimira m'thope. Kuthirira kotero kumadya tsiku lonse, ndipo tsiku lodyeka ndi limene munthu amafuna ngati kunyumba kwatsala mpando umodzi wokhalidwa. Mkazi wawo, Um Ghaleb, anamwalira zaka zinayi zapitazo. Mwana wawo Ghaleb ali ku Dubai, amaimba foni pa Idi, nthawi zina tsiku lotsatira.

Kenako kunabwera Dokotala Sawsan ndi gulu lake la ophunzira osamalira chilengedwe. Anapatutsa madzi amene anthu amasamba ku mzikiti asanaswali, n'kuwasefa m'thanki, n'kuyala timapaipi takuda tobowolabowola m'munsi mwa mtengo uliwonse. Timapaipito tinkangodontha tokha, popanda munthu.

"Mwana wanga, kodi mitengoyi yagonekedwa m'chipatala kuti muziipatsa madzi a m'diripi?" anafunsa a Abu Ghaleb.

"Ikhuta, amalume," anayankha Dokotala uku akuseka. "Ndiponso bogenivila wanu uja wa pa laibulale mumamumwetsa kwambiri. Ameneyu ndi wa makani, amamasula maluwa akamva ludzu."

"Amene uja ndi wamwamuna. Sabereka."

Bogenivilayo anadzaza khoma lonse la laibulale, moyang'anana ndi zenera la mkulu wa yunivesite. Nthambi zake zoyamba anabwera nazo ndi Um Ghaleb kuchokera kwawo ku chigwa, atazikulunga m'nsalu yonyowa. A Abu Ghaleb ankamuthirira kawiri pa tsiku, mayiwo atamwalira anawonjezera kachitatu. Masamba anali obiriwira ngati opaka mafuta, koma duwa ngakhale limodzi ayi.

Chilimwe chitafika pachimake, a ku ofesi anatulukira kuti mkuluyu sanapumepo zaka zambiri. Anamupatsa masiku makumi anayi, afune asafune. A Abu Ghaleb anawerenga kalatayo kawiri, ndipo chimene anaona sichinalembedwemo: akufuna aone ngati pasukulu pangayende popanda iwo.

Tsiku lomaliza asanayambe tchuthicho anapita kuseri kwa laibulale, natukula chitsulo chovundikira dzenje limene ankalidziwa okha, n'kutseka mpopi wopita ku khoma lija. Sikuti ankafuna kumupha bogenivilayo, ayi. Masiku atatu okha masamba adzagwa nkhope, mkulu wa yunivesite adzasuzumira pazenera, ndipo foni idzalira.

Kunyumba anaika foni pa tebulo, pafupi ndi mbale ya maolivi. Anakonzeratu ndi mawu oyankha. "Dokotala, ine ndili pa tchuthi. Funsani timapaipi tanu." Akatero adzakhala chete pang'ono kuti mayiyo achite manyazi, kenako adzavomera. Malaya a ntchito anawasita, n'kuwapachika pachitseko.

Tsiku lachitatu linadutsa. Lachisanu ndi chiwiri foni inaliradi, koma anali munthu wofuna makanika. A Abu Ghaleb anacheza naye za galimoto yakeyo mpaka mwiniwake anadula.

Galimoto yogulitsa gasi inkadutsa ndi kanyimbo kake m'mawa, iwo n'kutuluka pakhonde ngakhale gasi anali wodzaza. Tsiku la madzi ankakwera padenga kukamvera thanki ikudzaza. Tiyi ankaphika wa anthu awiri chifukwa dzanja linazolowera, wotsalayo n'kuthira m'sinki.

Pofika sabata yachitatu anasiya kukonza mawu. Anayamba kuwerenga masiku amene chomera chingapirire dzuwa la mu Ogasiti. Kawiri konse anavala nsapato kuti akatsegule mpopi uja, kawiri konse anazivula. Akaonekera pageti asanaitanidwe, Hamdan adzaseka mpaka falafeli kupserera. Ndiye ankangokhala, n'kumaona m'maganizo nthambi za Um Ghaleb zitauma gwa, zikuthyoka ngati nkhuni.

"Sakuimba chifukwa cha manyazi," anauza mpando winawo. "Awononga zonse, akusowa poyambira."

M'mawa wa tsiku la makumi anayi ndi limodzi anakwera basi yoyamba. Pageti mlonda anawapatsa moni ngati anaonana dzulo. Mitengo ya maolivi ya m'mbali mwa msewu inali bwinobwino, timapaipi tikudontha m'munsi mwake. Anayang'ana kumbali.

"Mwabwera, amalume?" anakuwa Hamdan ali pa kantini. "Chipululu chanu chija chili ku laibulale. Fulumirani, pali mzere."

A Abu Ghaleb anangomudutsa. Anayenda mothamanga mpaka anakhota pa ngodya ya laibulale.

Khoma silinkaoneka. Kuyambira pansi mpaka ku denga kunali maluwa ofiirira okhaokha, othithikana, ena atayoyokera pa masitepe. Ophunzira ovala mikanjo ya omaliza maphunziro anali pamzere ndi makolo awo, kudikira kujambulitsa. A Abu Ghaleb anayandikira, nagwira duwa limodzi ndi zala ziwiri. Linali lopyapyala ngati pepala. Nthaka ya pansi pake inali youma, yong'ambikang'ambika.

Mtsikana wina amene anali ndi foni m'manja anawakodola mwaulemu.

"Amalume, tasunthani pang'ono. Mukutchinga maluwa."