Maliro a Ba Kalaba pa Pakomboni

"Pa apu yathu bodza silingangene," anatero Lemmy akudzigogoda pachifuwa. "Vija va azungu vimafuta nkhani zathu mwamene vifunira. Ife chikalembewa chalembewa. Olo ine mwine wake siningafute."

Apu ya pafoniyo, yotchedwa Pakomboni, anaipanga ndi mnzake Jackson m'kachipinda kuseri kwa shopu yometera ku Chawama. Anthu zikwi zitatu anali atalowa kale pa apuyo, ambiri azimayi a mumsika okonda kumva za maliro mtembo usanazizire.

Loweruka masana Lemmy anapita ku Matero ndi amalume ake kukaonekera kwa Ba Kalaba, bambo a Gloria, mtsikana amene ankafuna kukwatira. Ba Kalaba anali dikoni wosaseka, ndipo ntchito ya pafoni ankaitcha ulova wovala taye. Amalume anamuchenjeza pageti: mkamwini sayankhula, sadzuka, maso pansi.

Ali chikhalire pakampando pakona, foni inanjenjemera m'thumba. Anaisuzumira pakati pa mawondo. Unali uthenga wa Jackson, ndipo anayamba kulemberana.

"Boyi, usakuwe. Vamene tinali kuyesa vayenda kuli onse."

"Viti?"

"Maliro."

Lemmy anakumbukira. Lachinayi, poyesa tsamba la maliro, panafunika dzina longoyeserera. Iye, Mngoni wa ku Chipata, anati Ba Kalaba ndi Mbemba, ndipo pamwambo Mbemba ndi mbuya wake woseka naye, kumupha m'nthabwala ndi ufulu wake. Analemba Ba Kalaba, nambala ya nyumba, ndi chithunzi chomwe anamutumizira Gloria.

"Futa!" analemba Lemmy.

"Nifute bwanji, bwana? Batani ya kufuta munaikana mweka."

"Zimya kompyuta!"

"Yangena kale mumafoni. Bantu 412 balemba pepani."

Ba Kalaba, amene anathimitsa foni yawo polemekeza alendo, anali kufunsa amalume ngati mnyamatayu ndi woona mtima. Amalume anayankha kuti chibadwire sananamepo. Lemmy anayesa kutsokomola. Amalume anamuponda chala.

Kenaka kunja kunamveka basi ikuima, ndi nyimbo yachisoni ya amayi a kwaya. Geti linatseguka. Amuna awiri analowa osagogoda kudzatulutsa mipando, monga achitira panyumba ya maliro, nagwira sofa mbali ino ndi inayo asanaone amene wakhalapo.

"Mupeleka kuti mipando yanga?" anafunsa Ba Kalaba.

Mayi wotsogolera kwaya anakuwa, nagwa chagada pakhomo. Foni yake inatsetsereka pasimenti mpaka pamapazi pa dikoni. Ba Kalaba anaitola, navala magalasi, nawerenga mokweza za imfa yawo mpaka pamzere womaliza: "Wolengeza: Lemmy, mkamwini."