Chitsime cha Pafupi ndi Nthochi

Mwana wachitatu atayambanso kutsegula m'mimba, mayi ake anayamba kuopa kuseri kwa nyumba yawo yomwe. Chilimwe chinali chitawotcha udzu wonse, koma nthochi imodzi kumeneko inali biriwiri. Ntchentche zinkaunjikana patsinde pake, pomwe panalibe chooneka choti n'kudya. Ukapondapo, nthaka inkalira ngati ng'oma, ndipo inkatitimira pang'onopang'ono.

Pambali pa nthochiyo ndi pomwe amuna awo anakumba chitsime atangosamukira m'nyumbayi. Ankanyadira, abale inu, ngati madziwo anachita kulenga okha. Amvekere pamene chomera sichikufota ndiye kuti madzi ali pafupi. Madzi akenso oyera mbee.

Alamu a mayiwo atabwera, anapeza kamtsikanako kali lefuu pamphasa, maso atalowa m'kati. Ananong'ona kuti eni nyumba akale ayenera kuti anakwirira chinthu pamenepo. Mayiwo sanadikire. Anabereka mwanayo, ulendo kuchipatala.

Mawa lake, mwana ali pa diripi, azakhali ake akumuyang'anira, mayiwo anabwera ndi mlangizi wa zaumoyo. Iyeyo sanalowe n'komwe m'nyumba. Anazungulira nthochi ija, n'kubaya pansi ndi chitsulo chachitali. Chinangolowa chokha ngati m'matope. Atachizula, aliyense anagwira mphuno.

"Alamu anu sananame, anakwiriradi chinthu," anatero mlangiziyo. "Apa panali chimbudzi. Nthochiyi ikunenepa nazo zimenezo, ndipo zikutsikira m'chitsime mwanu."

"Komatu madziwo ndi oyera," bambowo anayankhula chapansipansi.

"Tizilombo ta matenda sitioneka ndi maso, bambo."

Mayiwo misozi inalengeza. Miyezi yonseyi ankatunga okha, n'kumwetsa ana awo ndi manja awo.

Tsiku lomwelo bambowo anakwirira chitsime chawo chonyaditsacho, osayang'ana munthu kumaso. Mlangizi anawauza kuti azitunga kumjigo, anawaonetsa kathiridwe ka kolorini wophera tizilombo m'madzi, n'kuwayezera malo a chitsime china kumtunda, kutali ndi chimbudzi chilichonse.

Patatha masiku atatu kamtsikanako kanatuluka m'chipatala. Katangolowa pakhomo, kanapempha madzi akumwa. Mayi ake anatunga mumtsuko wovindikira nakapatsa. Kanamwa onse, n'kuthamangira kosewera.

Musanakumbe chitsime, itanani azaumoyo adzaone malowo. Kuyera kwa madzi sikutanthauza kuti ndi abwino kumwa.