Tsiku lomwe ng'oma ya agogo a Caetano inathiridwa madzi

Anzanga ndikuuzeni ya agogo anga aamuna a Caetano, ine nthiti zikuwawa mpaka pano kkkk. Dzulo timasankha kachewere pakhonde, ine, iwowo ndi agogo aakazi a Zita. Ndiye ndinangodutsa ndi ndowa ya madzi pafupi ndi ng'oma yawo yakale ija imakhala pakona. Nkhalamba kudzambatuka ngati mnyamata. "Iwe, madziwo kutali." Agogo aakazi kuyamba kuseka mpaka kutsokomola, akuti uwafunse chimene amaopera madzi. Ndinafunsadi, ndiye nkhani yake ndi iyi.

Chinali chaka cha 1969, Apwitikizi akadalamulira, agogo ali mnyamata wosakwatira. Iwo anakulira ku gule wamkulu, ndipo pa ng'oma panalibe wowaposa kumtunda konse kwa Lifidzi. Kenako anayamba katekeze n'kubatizidwa. Kubatizidwako ndiye kuti za gule zatha, anzawo akale anasiya ndi kuwapatsa moni komwe. Vuto ndi loti m'kapela namonso ng'oma inali yoletsedwa. Ndiye munthu manja akumuyabwa, ankangoimba pa mpini wa khasu, pa mtondo wa amayi awo, ngakhale pamsana pa ng'ombe akuti (apa ine ndikukaika koma agogo aakazi alumbira).

Wansembe wobwera kukapela kwathu anali a Padre Horácio, mzungu wokalamba wa nsidze zambiri, ankabwera pa mota, njinga yamoto ija, kamodzi pamwezi. Agogo anawapempha za ng'oma mpaka kuwatopetsa. A Padre yankho lawo linali limodzi: ng'oma imatulutsa anthu m'kapela, siiwalowetsa. Koma tsiku lina anangoti chabwino. Kukubwera alendo ochokera ku Portugal, achinyamata a parokiya ina kumeneko, akuyendera makapela akumidzi kuti azipemphera ndi anthu. Tsiku limenelo uimbe nyimbo imodzi, ya mtulo yokha, pomwe anthu amapereka zakumunda kuguwa. Ikandinyansa usadzanditchulirenso ng'oma moyo wanga wonse.

Ndiye mwayi unali womwewo basi. Agogo anasema ng'oma yatsopano yosagundako gule, chikopa cha ng'ombe, n'kumaphunzira nyimboyo ndi agogo aakazi. Nthawi imeneyo sanali agogo aakazi ayi, anali Zita chabe, mtsikana wotsogolera nyimbo, wapakamwa, woti anafika kalasi yachitatu ndipo Chipwitikizi ankachimva.

Tsiku lija linafika, mwezi wa Junyu, mukudziwa chisanu cha kuno. Ng'oma kukazizira chikopa chimalefuka, imangoti bwe bwe ngati ukumenya dzungu. Umayenera kuiwamba, kuigoneka pafupi ndi moto nkhope yake itayang'ana kumalawi kuti chikopa chikungike. Mwana aliyense kuno amadziwa zimenezo. Agogo anasonkha kamoto ka udzu ndi zitsononkho kuseri kwa kapela, kuigoneka bwinobwino, n'kuthamangira kwa amalume awo kukabwereka kazako, jekete, kuti aoneke munthu pamaso pa alendo.

Ali komweko kamiyau ya alendo, chilole, inafika kuchokera kumishoni ya Fonte Boa komwe ankagona. Anatsika anyamata ndi atsikana, mphuno zofiira ndi mphepo, akupereka moni wa Chinyanja chothyokathyoka kwa aliyense mpaka kwa ana akumsana. Pakati pawo panali mtsikana wina wamagalasi, dzina lake Cecília, wophunzira zaunamwino. Ameneyu anali atamva kuti kale anthu akamabatizidwa ankauzidwa kutentha ng'oma zawo, ndipo nkhaniyo inamupweteka mtima kwambiri. Ndiye akuzungulira kuseri kwa kapela waona chiyani? Ng'oma yokongola ili gone pamoto, utsi uli tolo, palibe munthu.

Zita anali akubwera ndi mtsuko pamutu, madzi oti a Padre adalitse. Cecília sanafunse munthu. Anangolanda mtsukowo, khuthu pamoto, khuthu pang'oma, wonse. Kenako n'kugwada kuikumbatira ng'omayo ngati mwana amene wamuvuula mumtsinje kkkkk.

Agogo akutulukira ndi kazako wawo wofika m'mawondo anangoima. Cecília akumwetulira, akuyankhula mofulumira, maso ali ndi misozi.

"Akuti chiyani?" agogo kufunsa Zita.

"Akuti musaope, aipulumutsa."

"Aipulumutsa kwa ndani?"

"Kwa inu kaya."

Agogo anagogoda chikopa ndi chala. Phwa. Ngati chinsanza chonyowa. Akuti anakhala pansi pamatope pomwepo ndi kazako wa eni ake.

Zita ndiye anamufotokozera mlendoyo zonse, za chisanu, za kuwamba, za mwayi umodzi uja. Akuti nkhope ya Cecília inafiira, kenako kuyera, kenako kufiiranso. Nthawi yomweyo chitsulo choitanira anthu chinalira, a Padre afika.

"Ndikhala panja ndiiumitse," anatero agogo.

Zita anati, "Mukhale panja? Ndiye a Padre aone malo anu ali mbee, anene kuti si ndinanena, ng'oma yamutulutsa kale munthu m'kapela isanalire n'komwe. Dzukani apo a Caetano, matako anyowa."

Cecília anafunsa chimene akukangana. Atamuuza anavula kazako wake, kupinda manja a malaya, n'kunena kuti amene wanyowetsa ndi amene aumitse. Mungondionetsa.

Tangoganizani, munthu wawoloka nyanja pa sitima, wagwedezeka pa kamiyau fumbi lokhalokha, cholinga adzapemphere Misa ya kumudzi, ndiye akuti ine ndikhala kuseri ndi utsi. Agogo anasonkhanso moto pouma, n'kumuonetsa ndi manja. Osayandikiza kwambiri, ching'ambika. Uzizunguza chonchi. Uziyika chikhatho, chikatentha iwe ndiye kuti nachonso chikopa chapsa mtima, bweza. Uzigogoda, ikati phwa ayi, ikati ndii ndiye bwera nayo. Cecília anabwereza yekha, "phwa ayi, ndii inde." Chinyanja chake choyamba cha nzeru chimenecho.

M'kapela munadzaza. Kapela yake inali ya udzu, amuna uku akazi uku, pansi pa mphasa. Alendo anawakonzera mabenchi kutsogolo koma anakana, anakhala pansi ndi anthu. Atsikana achizungu kuyesa kutambalala miyendo ngati amayi athu, pang'ono pokha dzanzi, kumangosinthasintha. Mnyamata wina wamtali anakakhala pakati pa amayi oyamwitsa osadziwa kanthu, amayi ena anangomupatsa mwana kuti anyamule, ndipo anamunyamula Misa yonse ali mwemwemwe. Kuomba m'manja kwawo ndiye musanene, ife tikaomba iwo ali m'mwamba, ife tili m'mwamba iwo akuomba. Koma sanasiye, ndipo agogo aakazi akuti pofika nyimbo yachiwiri ena anali atagwira.

Tsono chikopa chonyowa sichiuma msanga, ndipo Misa ya a Padre Horácio inali yothamanga. Zita anayamba kukoka nyimbo. Ikafika kumapeto, iye n'kuiyambanso pamwamba ngati wayiwala. Anthu kumangotsatira. A Padre kumuyang'ana pansi pa nsidze zija, iye maso kudenga ngati wagwidwa ndi pemphero. Ananong'oneza mnzake, mnzakeyo wina, mpaka nkhani ya ng'oma yonyowayo inafika kwa a Rafael, akatekista athu.

Tsiku limenelo a Padre analalika m'Chipwitikizi chifukwa cha alendo, a Rafael n'kumamasulira. A Padre akanena kachiganizo kamodzi, a Rafael ankayamba ndi Adamu, kudutsa pa Nowa, kukhudzako za anthu oba nyemba m'minda ya anzawo, kenako n'kubwerera. A Padre Chinyanja ankachimva bwino lomwe, ndiye anawatembenukira.

"Rafael, zonsezo ndanena ine?"

"Mumafuna kunena, a Padre."

Kuseri kunkamveka kagogodo. Phwa. Patapita nthawi, phwa. Agogo akuti sanamve liwu limodzi la ulaliki, khutu linali kukhoma, thukuta lili kamukamu m'chisanu chonse chija.

Ulaliki utatha alendo nawo anali atadziwa, chifukwa Zita anamuuza mtsikana amene anakhala naye pafupi. Mnyamata wa mwana uja anaimirira, mwana ali m'manja, kupempha kuti iwonso aimbe nyimbo ya kwawo ngati mphatso. A Padre sakanakana pamaso pa anthu. Alendowo anasankha yaitali kwambiri, ya Amayi Maria, yamavesi osatha, yoimba pang'onopang'ono. Anthu athu anagwira poyankhira pake n'kulowamo ndi mawu anayi, alendowo kudabwa nyimbo yawo yomwe ikumveka chonchi. Wina analira. Apa agogo aakazi anasiya kuseka pofotokoza, akuti sanamvepo kapela ikulira ngati tsiku limenelo.

Koma nyimbo iliyonse imatha. Mtulo unayamba, ng'oma kulibe. Zita anayambitsa nyimbo ija ndi m'manja mokha. Anthu akubwera pamzere, lichero la kachewere, nyemba, mazira, nkhuku yomanga miyendo, kuika patsogolo pa guwa. Agogo ali chiimire pambali manja lende. A Padre anawayang'ana, kuyang'ana pomwe panayenera kukhala ng'oma. Mzere unatha.

Kenako pakhomo, ndii.

Anthu onse cheu. Cecília ali pakhomo, ng'oma ataikumbatira pamimba, nkhope yakuda bii ndi mwaye, poyera pokha pomwe panali magalasi, tsitsi lakutsogolo litapsa, maso ofiira ngati wasuta. Anayenda pakati pa anthu pang'onopang'ono. Ndiye poti sankadziwa kuti aipereke kwa ndani, anaona pomwe ena aika zinthu zawo, nayenso anaika ng'oma pomwepo, pakati pa kachewere ndi nkhuku. N'kugwada.

Tsono mwambo wake, chilichonse chimene chafika pamtulo a Padre amachiwaza madzi odalitsa. Ndipo a Padre Horácio powaza sankaumira, ankachita ngati akuthirira dimba. Anaviika chowazira chija, kuwaza nyemba, kuwaza mazira, nkhuku kukuwa, n'kukweza dzanja pa ng'oma.

Cecília anadzigwetsa pang'omapo thupi lonse. "Madzi ayi, a Padre, chonde. Madzi ayi."

Mzungu kuletsa wansembe madzi odalitsa, paguwa, anthu akuona. A Padre dzanja lili m'mwamba, madzi akudontha m'chigongono. Anayang'ana mtsikana wamwayeyo, kuyang'ana Zita, a Rafael amene mwadzidzidzi anayamba kuwerenga buku lawo mozondotsa, kenako agogo ndi matope awo kumbuyo. Nsidze zija zinayamba kugwedera. Anthu ankaganiza kuti ndi mkwiyo, koma akuti nkhalambayo inkalimbana ndi phwete.

Anabweza chowazira m'mbale. Anapukuta dzanja pamkanjo mpaka liume, n'kuliika pachikopa chofundacho, kudalitsa ndi dzanja lokha. Kenako anati m'Chinyanja, "Caetano, chaperekedwa kwa Mulungu ichi. Ukuyembekeza chiyani?"

Agogo anapita kukaitenga ng'oma ija. Atangoigunda kamodzi inayankha bwino kuposa masiku onse, mtsikana uja anaiwamba ngati wobadwira kuno. Zita anaiyambanso nyimbo ya mtulo, ulendo uno ndi chifukwa chenicheni. Amayi anayamba kusuntha mapewa ali chikhalire, nthungululu kumbuyo, alendo kuomba m'manja mwawo mosokoneza muja, Cecília akulira misozi ikusiya mizere pamwaye. Palibe anatuluka. Ngakhale anyamata ena a kugule amene anaima patali kuti adzaseke anasendera mpaka pawindo.

Misa itatha a Padre akukwera mota yawo anaitana agogo. Agogo anathamangira komweko.

"Mwezi wamawa moto uzisonkha msanga," anatero. "Ndipo uziikapo munthu wolondera. Anthu akwathu ndi achifundo kwambiri."

Alendo anadya kwa a Rafael, ndipo Cecília amayi apakhomopo anamusambitsa kumaso ngati khanda, akumuseka, iyenso akuseka. Asanakwere kamiyau anapempha kuigundako kamodzi. Anagunda, n'kunena yekha, "ndii inde."

Ine ndinafunsa agogo ngati anamukwiyira. Akuti ndi pang'ono pomwe, munthu amene waphonya Misa yake kuti ine ndikhale mkati. Agogo aakazi akuti bodza abambo ake a Marcelina, munatukwana chamumtima ulaliki wonse, ndinkakuonani milomo. Ayambanso kukangana, kachewere tamaliza ndekha. Ndowa ija ndakaisiya kuseri kwenikweni kkkk.