Thanki ya a Tepi

Ndinkasita malaya a abambo akunyumba kwanga, aja amizeremizere amene amavala popita ku mafizo, kolimbitsa ziwalo kuchipatala, pamene foni inalira pawindo. Anali wamagalasi, mmisiri amene ankatipangira thanki ya nsomba.

"Mayi, zomatira za thanki ija zauma msanga. Galimoto yapezeka lero, ndiye tili m'njira."

"Simunati sabata yamawa?"

"Ndinatero, koma mwini galimoto akuchoka mawa. Tatsala pang'ono kufika."

Ndinaimika nsimbi, ndinaizimitsa, kenako ndinabwereranso kukaona ngati ndaizimitsadi. Sabata yamawayo ndi imene ndinkadalira. Ndinali nditalonjeza Mulungu kuti ndidzawauza abambo Lamlungu tikachoka kutchalitchi, ndipo Lamlungu linali litadutsa kawiri.

Amuna anga ankagwira ntchito yoyeza malo. Anzawo amawatchula a Tepi, chifukwa ngakhale pogula mphasa ankatulutsa tepi m'thumba. Atapuma ntchito anayamba kuweta za m'nyanja yamchere m'thanki yagalasi pabalaza pathu: tinsomba tiwiri tachikasu ndi makorali, tamoyo tija timamera pamiyala ngati maluwa. Thankiyo inali yaing'ono, ya ndowa zitatu. Madzi ochepa sachedwa kusintha. Kunja kukatentha nawonso amatentha, akaphwera pang'ono mchere umachuluka. Pamene abambo anagonekedwa m'chipatala ndi sitiroko, makorali atatu anayera mbuu n'kufera m'manja mwanga. Atatuluka sanandinene. Anayang'ana miyala ija nthawi yaitali, kenako anati, "Vuto si inu, mayi. Thanki ndi yaing'ono. Madzi akachuluka amapirira."

Ndiye anajambula ina yaikulu, ndi dzanja lamanzere, masiku atatu athunthu. M'litali masentimita handiredi twente, m'lifupi fifite, kuya sikisite. Za kuyako pali lamulo limene iwo eni anandiphunzitsa: thanki isazame kuposa mkono wa mwini wake, kuchokera m'khwapa kufika kunsonga za zala. Korali akagwera pamchenga uyenera kumutola, ndipo galasi uyenera kulipukuta mpaka pansi. Sikisite unali muyeso wa munthu woimirira, wa mkono wawo wamanja, umene tsopano unkangogona pantchafu ngati mlendo.

"Pomadzafika nthawi yoika makorali, mkonowu udzakhala utadzuka," ankatero. Mayi wa mafizo sankatsutsa, komanso sankavomera. Ankangowayamikira kuti zala zikuyesetsa.

Pepala lija ndinakapereka ndine. Ndili m'shopu, pakati pa magalasi otsamira khoma, ndinafunsa kuti munthu wokhala pampando, wogwira ndi dzanja lamanzere, angafike pati. Wamagalasi sanandifunse kuti munthuyo ndani. Anakoka mpando wake, anakhalapo, anadutsitsa mkono wamanzere pamwamba pa thabwa n'kuyeza.

"Fote," anatero. "Tebulo lakenso tilifupikitse. M'lifupi tiwonjezere teni kuti madzi asachepe kwambiri. Makorali sadandaula, kuwala kumawafikira bwino thanki ikakhala yosazama."

Ndinavomera ndi mutu. Analemba fote ndi pensulo, pang'ono, m'munsi mwa sikisite wa abambo. Sikisite uja sanamufufute.

Nditalowa pabalaza ndinapeza abambo pampando wawo wamatayala akufinya kampira ka mafizo. Ndinawauza kuti thanki ikubwera. Mbali ya nkhope imene imawamvera inaseka.

"Ndipatseni tepi. Ndi malaya abwino, anthu asandipeze ngati wodwala."

Ndinawaveka malaya aja, mkono umodzi usanasitidwe, ndipo sanaone. Pomanga mabatani ndinapemphera chamumtima kuti Ambuye anditsegule pakamwa ndisanafike batani lomaliza. Ndinafika pakhosi. Anandigwira chala ndi dzanja lawo labwino n'kunena kuti, "Manja anu akuzizira. Mwadya?" Ndinati ndadya.

Wamagalasi anabwera ndi mlamu wake, bambo wonenepa wokonda nthabwala. Anayamba alowetsa tebulo lachitsulo, kenako thanki, itakutidwa ndi bulangete lakale. Pakhomo anapanikizika.

"Mlamu, bwezani mimba. Khomoli anayezera thanki, osati inu."

"Mimbayi anaimanga ndi mlongo wanu. Kadandauleni kwa iye."

Abambo anaseka mpaka kutsokomola. Ine ndinagwira chitseko chimene sichinkafuna wochigwira.

Anaikhazika kukhoma, anaika choyezera pamwamba kuona ngati yakhala molingana, anapinda katoni n'kulowetsa pansi pa mwendo umodzi wa tebulo. Kenako anachotsa bulangete. Inali yokongola, yotakasuka, m'makona mwake mosalala. Koma pakhoma panali mzere wa pensulo umene abambo anandilembetsa kale, wosonyeza pamene mlomo wa thanki udzafike. Mzerewo unatsala m'mwamba wokhawokha.

Kuseka kunatha. Abambo anayang'ana mzere, anayang'ana thanki.

"Ndikankhireni pafupi, mayi."

Ndinawakankhira. Mlomo wa thanki unawafika m'munsi mwa chifuwa. Akanangotambasula dzanja lamanzere akanakhudza pansi osavutika, koma m'dzanjamo munali tepi.

"Gwirani tepiyi kumutu, mayi, muike pansi pa galasi. Werengani, mandala ndawasiya kuchipinda."

"Fote," ndinatero.

"Bwerezani."

"Fote, bambo."

Chidwalireni amalankhula pang'onopang'ono, mawu amatuluka limodzilimodzi ngati akuwakweza pamtunda. Tonse tinawadikira.

"Achimwene, ine ndayeza minda ya anthu zaka makumi atatu. Sindinamudyerepo munthu ngakhale phazi limodzi. Pepala langa lili kuti?"

Linali m'thumba la malaya a wamagalasi, ndinkaona kona yake. Dzanja lake linapita pathumbapo, linaima, kenako linatsika. Ine sanandiyang'ane n'komwe.

"Ndalisiya kushopu, bambo. Kulakwa ndi kwanga. Tikudulirani ina."

"Koma mlamu," anatero wonenepa uja, "galasi lokhuthala chonchi, lomata kale, tikalipititsa kwa ndani?"

"Gwirani uko," anatero wamagalasi.

Mtsempha wa pachipumi pa abambo unali utatupa. Adokotala anatichenjeza kuti asamakwiye, magazi asathamange. Ndinagwiritsitsa mawu amenewo ngati khoma lobisalapo. Ndikakhala chete, ndinaganiza, anthuwa aitulutsa, abambo amwa madzi, mtima ukhala pansi. Pakatha masabata atatu ibwera ina ya sikisite, ndipo m'mawa uliwonse ndizikwera pakampando kutola makorali, mwini wake akuonerera chapansi, kampira kali m'manja. Wamagalasi akasunga thankiyi pakona ya shopu, ndipo kwathu kuno adzadziwika kuti ndi mmisiri wosadziwa kuwerenga tepi.

Anayalanso bulangete. Wamagalasi anachotsa katoni ija pansi pa mwendo, n'kutola ndi tizidutswa take kuti tisanditsalire posesa.

"Kapena mwamva kuti mwini wake ali pampando, ndiye mwati ameneyo watha?" anatero abambo. "Mwandiyezera thanki ya munthu wolumala?"

"Iyayi, bambo."

"Mkono uwu udzuka." Anaunyamula ndi dzanja lamanzere kuti auone, tepi inagwa n'kudzikulunga yokha pansi. "Auzeni, mayi. Auzeni anthuwa chimene timapempherera m'mawa uliwonse, ine ndi inu."

Amuna awiri aja anali atawerama kale, zala zili pansi pa galasi. Wonenepa uja anandiyang'ana kamodzi, n'kuyang'ana kumbali.

"Taimani, achimwene," ndinatero. "Isiyeni kaye."

Mawu anga anatuluka aang'ono, koma anamva. Ndinazungulira mpando kuti abambo andione kumaso. Mawondo anga sakonda simenti masiku ano, komabe ndinagwada. Ndinagwira dzanja lawo lamanja, lolemera, lofunda, zala zitapindika.

"Bambo, anthuwa sanalakwe. Pepala lanu lili m'thumba lawo, ndipo fote ndinawapempha ndine. Ndinkafuna muzifika pamchenga nokha, lero lomwe, ndi dzanja limene lilipo. Mkono uwu ndimaupempherera nanu m'mawa uliwonse, sindinaphonyepo. Koma kushopu kuja ndinapita ngati munthu amene sapemphera, ndipo pobwera ndinakubisirani. Achimwene, inunso ndakusenzetsani bodza langa m'nyumba mwanga momwe. Mundikhululukire. Bambo, chonde mundikhululukire."