Bedi la Kuchipinda

Galimoto ya katundu inaima pakhomo pa ba Moven ku Kalingalinga m'mamawa. Munatsika mayi wina wovala bwino, ba Nsofwa, foni ili m'manja. Anati abwera kudzagula bedi limene analiona pa Fesibuku.

Ba Moven atayang'ana chithunzicho, analizindikira nthawi yomweyo. Linali bedi lawo lomwe, la mtengo wa mukwa, limene anapala okha chaka chimene anakwatira Karen.

Kunena zoona, ukalipentala unali utaima. Matabwa anakwera mtengo, magetsi ankangozimazima, m'shopu munalibe ngakhale kampando koonetsa munthu. Anzawo onse anali atayamba kutsatsa katundu pa foni, poti kumeneko sulipira malo. Ndiye Karen, atatopa kuona ana akugona ndi tiyi, anajambula chokongola chokhacho chimene chinatsala m'nyumba. Ankafuna kuti anthu aziitanitsa lofanana nalo, koma anaiwala kulemba zimenezo.

Ba Moven anamukokera kuseri kwa nyumba.

"Iwe Karen, waonetsa chipinda chathu Lusaka yonse? Ni vamene banakuphunzitsa alangizi ivi?"

"Bananiphunzitsa futi kuti bana bafunika kudya," anayankha Karen.

Ba Moven anayesa kuwachonderera ba Nsofwa kuti adikire sabata imodzi, awapangire latsopano. Mayiwo anakana. Anati alendo akufika mawa, ndipo makalipentala mumsewumo ndi mbwee. Dalaivala analiza huta. Oyandikana nawo anali atayamba kale kusuzumira.

Ba Moven analowa m'nyumba ndi sipanala. Kuchipinda kwa banja sikulowa mlendo, choncho analimasula okha, n'kumatulutsa thabwa limodzi limodzi, osayang'ana munthu kumaso. Manyazi anawagwira kwambiri.

Thabwa lakumutu litatuluka, ba Nsofwa analitembenuza. Kumbuyo kwake kunali maina awiri ogobedwa ndi chizulo: Moven, Karen.

"Aya maina muchosepo," anatero.

Ba Moven anangoima, manja ali lende. Karen ndiye anapita kushopu kukatenga puleni yopalira matabwa, n'kuwapatsa m'manja. Ba Moven anapala pang'onopang'ono mpaka thabwalo linasalala ngati silinakhalepo la munthu.

Galimoto itachoka, Karen anagwada n'kumatola zopalidwazo. Sanaziike pambaula monga ankachitira masiku onse. Anazimanga pansonga ya chitenje chake. Foni yake inalira m'thumba. Anali munthu wina, akufunsa ngati bedi lija likadalipo.