Chidebe cha a Dziwani

Veronika, mzime wanga, anali atatsala miyezi iwiri kuti amalize maphunziro pa koleji ya aphunzitsi kuno ku Bembeke pamene anandiuza kuti Loweruka kubwera alendo. Anali mayi ake a Tamandani, mnyamata amene ankaphunzira naye, ndipo ankabwera ndi alongo awo chifukwa ndiwo anali ndi galimoto. Zoti awiriwo amafunana ndinkazidziwa. Mwana akayamba kusita malaya kawiri patsiku sufunsa. Vuto linali lakuti Loweruka lonselo ophunzira anali m'kalasi kukonzekera mayeso, ndiye ntchito yoyenda ndi alendo inagwera ine.

Sindinaone chovuta. Ndinaphika pa kolejipo zaka makumi awiri, ndipo makolo a ophunzira amene ndawaonetsa dera lino ndi osawerengeka. Veronika anangondipempha chinthu chimodzi, kuti anthuwo akabwerere ku Chiradzulu ali ndi mtima wabwino pa banja lathu. Ndinamuuza kuti asandiphunzitse kulandira alendo.

Anafika m'mawa chifunga chisanachoke. Munali mu Juni. Mayi Agnesi anatsika atafunda zitenje ziwiri, kolona ali m'khosi, akufunsa ngati kuno dzuwa limatuluka. Alongo awo, a Zondiwe, anali munthu wosachulutsa mawu. Iwo anangoyang'ana munda wanga wa nsawawa nkufunsa kuti ndimathirira kangati. Ndinawapatsa tiyi wamkaka ndi chigumu, nkuwauza kuti amwe msanga, malo oona ndi ambiri.

Tinayambira ku tchalitchi chachikulu cha pamishoni. Mayi Agnesi anagwada nthawi yaitali, kenako anayenda pang'onopang'ono kuona zithunzi za m'makoma. Atamva kuti ndine wa bungwe la amayi achikatolika, ndi kuti malemu amuna anga ankaimba kwaya, anandigwira dzanja nkunena kuti mtima wawo wakhala pansi. Ankaopa, anatero, chifukwa za ku Dedza amamva zambiri. Sindinafunse kuti zambiri ziti. Ndinakondwa, ndipo kukondwako ndi kumene kunandilowetsa m'dzenje.

Tinadutsa pa geti la koleji, ndinawalozera khitchini yanga yakale ndi nyumba zogona atsikana, tikatero tinalunjika ku Boma. Tisanafike pa msewu wa tala, tinakumana ndi gule. Zinali zilombo zitatu, zikuthamangira ku mudzi wa kutsidya kumene kunali mwambo wa chiliza, ana akuzithawa uku akuseka. A Zondiwe anaimika galimoto pambali, anatsitsa galasi, naponya kandalama pansi monga amachitira munthu wodziwa. Mayi Agnesi anadziphimba kumaso ndi chitenje mpaka zilombozo zitadutsa. Kenako anandifunsa ngati pa banja lathu alipo amene amachita nawo zimenezi, chifukwa iwo mwana wawo anamulera m'tchalitchi.

"Palibe," ndinayankha. "Izi n'za midzi ina."

Linatuluka lokha bodzalo, mosavuta ngati kutsokomola. Alongo anga a Dziwani, amene ndinawapondera pamutu, ndi oimba ng'oma ya mbalule ku gule kuyambira ndili mtsikana, ndipo dera lonse limawadziwa.

A Zondiwe anafunsa za zojambula za m'mapanga a ku Chongoni, kuti anamva kuti n'zamakedzana. Ndinati msewu wake ndi woipa. Msewuwo unalibe vuto. Ndinkangoopa kuti woonetsa malo akayamba kufotokoza za chinamwali ndi nyau, nkhani ija ibwereranso.

Ku Boma ndinawaonetsa phiri, msika ndi kumene amaumba mbale ndi makapu a dothi. Mayi Agnesi anagula kapu imodzi atagwiragwira makapu khumi. Ndinawatengera pa chiwaya cha munthu amene ndimamudziwa kuti sabwereza mafuta, tinadya tchipisi ndi kabichi titaimirira, utsi uli m'maso. A Zondiwe anati tchipisi cha ku Limbe n'chamadzi poyerekeza ndi ichi. Ndinawauza kuti chinsinsi si wokazinga, ndi dothi. Pobwerera ndinawalozera mapiri a ku Mozambiki, ndi anthu akuwoloka malire ndi njinga ngati akupita kwa anansi. Zonse zinkayenda bwino, ndipo ndinali nditayamba kudzitama mumtima.

Titafika pa mphambano ya ku Bembeke, pamene amagulitsa mbatatesi m'zidebe, a Zondiwe anati sangabwerere kwawo opanda thumba. Ndinati tigula mawa. Anati mawa ndi Lamulungu, nakhotetsa galimoto.

Ogulitsa anali ambiri, koma galimoto inakaima pamaso pa a Dziwani. Anali atavala chijasi chawo chong'ambika paphewa, nsapato za matayala kumapazi, ndipo kumbuyo kwawo kunali njinga, ng'oma itamangidwa pa kaliyala ndi mphira. Ankadikira kugulitsa zidebe ziwiri zotsala kuti akaimbe ku chiliza kuja. Mayi Agnesi anaiona ng'omayo, anandigwira pamkono.

Achimwene anandiona ndikutsika. Nkhope yawo inayamba kumasuka, pakamwa patatseguka kale kuti anene dzina langa. Ine ndinayang'ana chidebe.

"Bambo, mbatatesi izi n'zakukumba liti?" ndinafunsa.

Anatseka pakamwa. Anandiyang'ana, anayang'ana alendo, anayang'ananso ine. Kenako anavula chipewa nkuyankha kuti n'zadzulo, mayi.

Ndikanalekera pomwepo bwenzi tchimo lili limodzi. Koma mayi Agnesi anandinong'oneza kuti anamva zoti ogulitsa a m'misewu amaika zikuluzikulu pamwamba, pansi nkudzaza tosabereka. N'zoona, ena amatero, ndipo aliyense wa kuno amadziwa mankhwala ake: umauza wogulitsa akhuthule chidebe pansi uone. Ndakhala ndikukhuthulitsa zidebe moyo wanga wonse pogulira koleji. Koma munthu amene umamudziwa sumukhuthulitsa. Kumeneko n'kumutcha wakuba pagulu.

"Takhuthulani tione," ndinatero.

Amayi ogulitsa pafupi anasiya kuitana makasitomala. Onse amandidziwa, ena ndimakhala nawo benchi limodzi m'tchalitchi. A Dziwani anawerama ndi msana wawo wovutawo, anagwira chidebe, nachikhuthulira pa thumba loyala pansi. Mbatatesi zinagubuduzika, zonse zazikulu ngati chibakera, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Anakhuthulanso chachiwiri ndisanawauze. Kenako anatola imodziimodzi kuika m'thumba la alendo, nawonjezera zina za m'kathumba kawo, nati izi n'za ulendo. A Zondiwe analipira osanenerera. Ine ndinali nditalowa kale m'galimoto.

Mbatatesi zimenezo ndi zimene zinaphunzitsa Veronika ku sekondale bambo ake atamwalira.

Madzulo Veronika anabwera kudzathandiza kuphika. Ndinakonza mbatatesi zofutsa ndi nsinjiro, nyemba zaziwisi ndi nkhuku. Ataona thumba m'galimoto analizindikira, chifukwa a Dziwani amasoka matumba awo ndi ulusi wa buluu. Anandifunsa mokondwa ngati alendo aonana kale ndi atsibweni ake. Ndinamuuza kuti asamale anyezi akupserera. Alendo anadya nayamikira.

Lamulungu titachoka ku Misa, a Zondiwe anapempha kuti tikhale pansi. Tamandani ndi Veronika anawatuma kukatunga madzi, ngakhale migolo inali yodzaza. Anayamba ndi kuthokoza chifukwa cha malo onse amene ndinawaonetsa. Kenako anati iwo sanayende ulendo wonsewu chifukwa cha mapiri, mapiri aliko ndi kwawo. Iwo ndi amalume a Tamandani, ndipo abwera kuti adziwe khomo limene adzagogode. Anandipempha ndiwaperekeze kwa mwini mbumba.

Ndinayenera kuzidziwa kuyambira tsiku limene Veronika anatchula za alongo awo a mayiyo. Mayi satenga mlongo wake kupita naye kwawo kwa mtsikana chifukwa cha galimoto. Ine amene ndakhalapo pa maukwati osawerengeka ndinazimva ngati nkhani ya mayendedwe.

Ndinayesa kuthawa. Ndinati alipo a Gervazio, akulu awo a malemu amuna anga, amenenso ndi akatekisiti. A Zondiwe anapukusa mutu mwaulemu. Anati akuchimuna adzamva nthawi yake ikakwana, koma nkhani ya mwana wamkazi imayambira kwa mlongo wa mayi ake, kwawo ndi kuno n'chimodzimodzi. Anafunsa ngati ndilibe mlongo wamoyo.

Ndikanati ndilibe, ndiye kuti ndawaika m'manda achimwene ali moyo. Ndikanati alipo, ndiye kuti bodza ladzulo layera, ndipo mayi Agnesi akhoza kunyamula mwana wawo. Komanso a Dziwani akanatha kukana kutilandira, ndipo popanda iwo ukwati wa Veronika sukanayenda. Ndinamanga mpango, ndinati tiyeni, ndi pafupi, galimoto isiyeni.

Ndi mtunda wa mphindi makumi awiri kudzera m'madimba. Tinawapeza a Dziwani atakhala pa mpando wachikopa pakhonde, akusankha mbewu ya mbatatesi. Ng'oma ija inali pa dzuwa, itatsamira khoma. Ndinamva mayi Agnesi akuima kumbuyo kwanga.

Achimwene sanadabwe. Anaitana alamu anga kuti ayale mphasa ndi kutulutsa mpando wa a Zondiwe. Anapereka moni kwa alendo mmodzimmodzi, kufunsa za ulendo, za kuzizira, ndi ngati mbatatesi zija azilawa. Kenako anatembenukira kwa ine ndi ulemu womwewo, nandipatsa moni wa mlendo.

A Zondiwe anafotokoza chimene abwerera. A Dziwani anamvetsera mpaka kumapeto, maso ali pa mbewu yawo.

"Nkhani yanu ndi yabwino," anatero. "Koma mwina mwasochera khomo. Ine ndine wogulitsa mbatatesi pamsewu. Mayi awa amene akuperekezani, ndiwo anene kuti ine ndine yani."

Alamu anga anali ataima pakhomo. Ana a nyumba zoyandikana anali atadzaza kumpanda. Ndinatsika pamphasa, ndinagwada pa dothi, maondo anga okalambawa akulira.

"Awa ndi a Dziwani, achimwene anga, bere limodzi. Ndiwo eni mbumba. Veronika ndi mwana wawo. Dzulo ndinawakana pamsewu, ndipo ndinakunamizani kuti kwathu kulibe wa gule. Ng'oma iyo ndi yawo."

Nkhuku inadutsa pakati pathu. Ndinkangoyembekezera kumva mayi Agnesi akudzuka.

Amene analankhula ndi a Zondiwe. Anati iwo anazindikira dzulo lomwelo, chifukwa mphumi ndi imodzi, ndiponso wogulitsa savulira kasitomala chipewa akuoneka ngati wamenyedwa mbama. Anati usiku anawauza alongo awo. Ndiye kuti mayi Agnesi anakhala nane benchi limodzi pa Misa, nandipatsa dzanja la mtendere, akudziwa zonse. Ndinalakalaka dothi litanditsegukira.

Mayi Agnesi analankhula motsitsa, osayang'ana ng'oma. Anati sabisa, za gule amaziopa, ndipo ukwati akufuna udzakhale wa m'tchalitchi. A Dziwani anati mwanayo ndi wa tchalitchi kuyambira ubatizo wake, ndipo tsiku limenelo iwo anaima panja pa tchalitchi mpaka mwambo kutha, adzaimanso. Ng'oma siipita kumene sinaitanidwe. Mayi Agnesi anati munthu amene chidebe chake chili chimodzimodzi pansi ndi pamwamba akhoza kukambirana naye. Sananene zimenezi kuti andibaye, koma zinandibaya.

Anagwirizana kuti a Zondiwe adzabwerenso ndi mnzawo mayeso akatha, Loweruka lachiwiri la Ogasiti, kudzafunsira mwamwambo. Ine palibe anandifunsa maganizo, ndipo sindinayenere kufunsidwa. Ndinali ndikadali chogwada.

A Dziwani anati alendo sangachoke pakhomo pawo osalawa mbatatesi yootcha paphulusa, imene sigulitsidwa pa chiwaya chilichonse. Anatenga chidebe chija, chomwe chija cha dzulo, nachiika patsogolo panga.

"Nambewe, dzuka. Kadzaze m'nyumbamo, usonkhe moto. Ukafuna ukhuthule, uone."

Ndinadzuka, ndinatenga chidebe. M'chipinda chosungiramo mbatatesi munali mdima ndi fungo la dothi, ndipo ndinakhalamo nthawi yaitali kuposa imene munthu amafunika kuti adzaze chidebe chimodzi. Nditatuluka ndinapeza Veronika ndi Tamandani afika, atatilondola. Veronika anakagwada kwa atsibweni ake, iwo namugwira pamutu. Kenako anabwera kumene ndinkasonkha moto, nandifunsa chifukwa chake maso anga anali ofiira.

Ndinati nkhuni n'zaziwisi. Alamu anga, amene anatola okha nkhunizo, anandiyang'ana, nandipatsa chokupizira moto.